Ampu Yosapitirira Mpanda

Alamu anga a Clever Mbewe ndi munthu yekhayo amene ndinamuonapo akulowa m'sitolo ya zoimbira n'kufunsa kuti, "Mwa zonsezi, yotsitsa mawu kwambiri ndi iti?" Enafe Amalawi a ku Joni kuno tikamagula wailesi timafuna yoti ikalira ku Vosloorus, a ku Katlehong atseke mawindo. Koma iwo anali ndi chifukwa chawo.

A Clever anabadwira ku Zimbabwe, m'komboni ya pamgodi, koma bambo awo anali a ku Dedza, mtchona amene anapita kukakumba golide osabwererakonso. Chichewa chawo n'chothira Chishona, ndipo ine poti ndine mlamu sindiwasiya, ndimawauza kuti amayankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ntchito yawo ndi yomanga nyumba. Manja awo anadyeka ndi simenti, moti simungavomere kuti zala zimenezo zinkaimba gitala ya sungura m'bandi ya pamgodi. Achemwali anga a Stella anakopeka ndi gitala yomweyo pa ukwati wina ku Thokoza, ngakhale lero amakana, amati anangowamvera chisoni.

Atakwatirana ankakhala ku Thokoza komweko, m'kanyumba ka malata kamene kuno timati mkhukhu. Lamlungu lililonse pochokera kutchalitchi, a Clever ankatulutsa panja ampu yawo, chokuzira mawu chachikulu ngati kabati, n'kulumikiza gitala. Anthu ankabwera kudzavina, ngakhale eni dziko omwe. Ndiye mu Meyi 2008, chipolowe chothamangitsa alendo chitafika kuderalo, gululo silinachite kufunsa njira. Wina anangokuwa kuti, "Tiyeni uko kumalira gitala!" Achemwali anali ndi pakati potopa. Anathawira kupolisi, kenako kumatenti, a Clever atanyamula bulangete ndi gitala basi. Mkhukhu unapsa, ampu inapsera momwemo. Mwana wawo Chenai anabadwa akukhala m'matentimo.

Atapeza chipinda kuseri kwa nyumba ya mayi Gertrude Nkosi ku Vosloorus, achemwali anaika lamulo. "Gitala ikhale. Koma ampu isadzalowenso m'nyumba mwanga, ndi imene inatilozetsa." A Clever sanatsutse. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankaimba gitala yamagetsi yopanda ampu, ndipo amene anaimvapo akudziwa kuti imalira ngati udzudzu. Ndinkawapeza Lamlungu masana atakhala pabedi, atawerama mpaka kugunditsa chibwano pagitalapo kuti mawu adutse m'mafupa. Ndinkawaseka kuti akuipsompsona chifukwa achemwali awakana. Koma kunena zoona zinkandiwawa mumtima.

Tsiku lina mu 2014 anandiuza kuti, "Alamu, zala zayamba kundinamiza. Poti sindikudzimva, ndikukanikiza nsambo ngati ndagwira njerwa. Chikatha chaka china chonchi, gitala ndaiwala."

Anapempha kwa mkazi wawo mwezi wathunthu kuti awalole kugula ampu ina, mosakweza mawu monga mwa chikhalidwe chawo. Mapeto ake achemwali anati, "Chabwino bambo a Chenai. Koma ikangomveka pampanda, ituluka tsiku lomwelo, ndipo nkhaniyi musadzayambenso."

Apa m'pamene ndinaona umisiri wa munthuyu. Anagogoda khoma la chipindacho n'kunena kuti ndi la njerwa imodzi, silibisa kanthu. Kenako anayeza kuchokera pakhomo kukafika pampanda: mapazi khumi ndi limodzi. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Boksburg ndipo Loweruka ndimapuma, choncho ananditenga kuti ndikhale khutu lawo. Tikalowa m'sitolo, iwo ankalumikiza gitala yawo, ine n'kuyenda mapazi khumi ndi limodzi, kukaima kuseri kwa chitseko. Ndikamva kanthu ndinkakweza dzanja.

Ogulitsa ankationa ngati amisala. Wa m'sitolo yoyamba anatitulutsira ampu yonyezimira, ya mabatani osawerengeka ndi timagetsi tobiriwira. Ine maso anali pomwepo. "Alamu, tengani imeneyi, anthu adziwe kuti muli ku Joni!" Iwo anangoti, "Chikomekome cha mkuyu, alamu." Ndipo zinalidi choncho. Akaitsitsa, mawu ake ankaonda ngati foni yolira m'thumba. Akaikweza kuti mawu akome, dzanja langa linali m'mwamba. Wogulitsayo atatopa anati bwanji osangogula mahedifoni. A Clever anapukusa mutu. "Ayi bhuti, ndatopa kuimbira mutu wanga. Ndikufuna m'chipinda mumveke, panja pasamveke."

Tinayenda Loweruka katatu, ku Boksburg, ku Germiston, ku Springs. Ine ndinali nditayamba kudandaula za mapazi anga, ndipo ndinawauza kuti ampu imene akufunayo adzaipeza kumwamba. Iwo ankangoseka, amvekere kuona maso a nkhono n'kudekha.

Loweruka lachinayi mnzawo wina wa kuntchito anatilozera ku Brakpan, kwa a Newton, bambo wachikulire wa ku Nkhata Bay amene amakonza mawailesi ndi ma TV kuseri kwa malo okwerera matekisi. Atamva nkhani yonse, a Newton anavula magalasi, n'kulowa m'kati, n'kutulukira ndi kanthu kakukula ngati katoni ya sopo. Nsalu yakutsogolo inali yong'ambika, batani linali limodzi lokha. Kumbuyo kwake kunali mababu atatu agalasi.

Anayatsa. A Clever anakhudza nsambo. Zii.

"Yakufa iyi," ndinatero ine, chikwama chili kale paphewa.

"Dikirani mama," anatero a Newton. "Ya mababu imayamba yaotha kaye."

Tinasuzumira kumbuyoko, ndipo timawaya ta m'mababumo tinayamba kufiira pang'onopang'ono ngati makala a pambaula. A Clever anakhudzanso nsambo. Abale inu, ine za zoimbira sindidziwa, koma ndinamva kuti awa ndi mawu ena, onenepa, ofunda. A Clever anatsinzina. Anaimba kanthawi osayang'ana munthu.

"Ndi ya mawati asanu okha," anatero a Newton, "koma musainyoze, mukaikweza msewu wonse udzamva. Ubwino wake ndi woti ngakhale muitsitse bwanji, mawu satha thupi."

Ndinayenda mapazi anga aja, n'kukaima kunja. Sindinamve kanthu. Ndinabwerera ndikusekerera kuti tapeza, koma a Clever anakana. Akuti kunjako kunali phokoso la matekisi, kuyeza koteroko n'kudzinamiza, ndipo munthu womanga akadzinamiza khoma limagwa. Anandipititsa kuseri, kumene kunali phee, n'kubwereza kasanu. Ankakweza pang'ono, ine n'kukweza dzanja, iwo n'kubwezako, mpaka anapeza malo enieni pamene mawu akukoma koma ine sindikumva. Anapempha penti woyera kwa a Newton, n'kudontheza kadontho pomwepo. Batani lisamapitirire pamenepo. Kenako analipira, ife n'kunyamuka nayo.

Mawa lake linali Lamlungu. Titachoka kutchalitchi, a Clever anaika kaampu kaja pampando, n'kutseka chitseko ndi windo. Achemwali sanakayang'ane n'komwe. Anatembenuka n'kuyamba kusita yunifolomu ya Chenai. Ine ananditumiza pampanda, pamene mayi Gertrude ankayanika zovala chapafupi. Ndinaima pamenepo mphindi zingapo, ndikumva agalu ndi wailesi ya oyandikana nawo basi. Ndinabwerera m'nyumba n'kunena kuti, "Achemwali, kunjaku kuli zii." Anangoti "Mhm," simbi ikuyendabe.

Chenai anali atakhala pansi kukamwa kuli yasa. "Adadi, kani imayankhula?" Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sankadziwa kuti bambo ake ndi katswiri.

Poyamba zala zinkapunthwa. A Clever ankabwereza mzere umodzi, kumasula dzanja, kubwerezanso. Kenako zinakumbukira. Anayamba nyimbo ija anaimba pa ukwati wa ku Thokoza, yothamanga, ya timawu tating'ono tothamangitsana. Ndinaizindikira chifukwa inenso ndinavina tsiku limenelo.

Simbi inaima. Achemwali anaiimika bwinobwino, n'kupukuta manja pachitenje, n'kuyenda kulunjika pampando paja. Ndinadziwa kuti akukazula nthambo, ndipo a Clever nawo anadziwa, chifukwa anasiya kuimba n'kuika chikhatho pansambo. Anangodikira.

Achemwali anagwira batani lija n'kulipotoza, kudutsa kadontho koyera.

"Mayi a Chenai, papitiriratu," anatero a Clever.

"Ndaona. Imbani."

Kenako anapita kukatsegula chitseko. Mantha anali asanathe ayi. Anaima pakhomopo, maso ali kumsewu, nyimbo ikuwadutsa kupita panja.

Mayi Gertrude anatembenuka, shati yonyowa ili m'manja. "Hawu, Clever! Kanti uyashaya?" anatero m'Chizulu, kudabwa kuti zaka zonsezi akhala ndi woimba kuseri kwawo osadziwa. Anagwedeza mapewa kawiri katatu, n'kupitiriza kuyanika. Palibe china chinachitika. Kumsewu anthu ankangodutsa.

Achemwali sanatseke chitseko mpaka nyimbo inatha. Atatembenuka, misozi inali mbwembwembwe, ndipo anakalipira Chenai kuti achoke pansi pozizira.

Ampuyo ilipo mpaka lero, pampando womwewo, ndipo kadontho koyera sikanafufutike. A Clever akamayatsa amadikira mababu aothe, n'kukweza mpaka pakadonthopo, osapitirira ngakhale pang'ono. Amene amapitiriza ndi achemwali okha.