Bambo Aang'ono a Amuna Anga ndi Chikoti Chawo

Anabwera nthawi yokolola mapira, chaka chimene amuna ambiri a kwathu ankabwerako ku nkhondo ya azungu. Ine ndinali pabwalo ndikupuntha ngala. Ndinangoona munthu wamtali, woonda ngati bango, atavala chipewa chofiira chothothoka ndi jekete lopanda mabatani, m'manja muli chikoti cha chikopa cha mvuu. Sanaodire. Anandilambalala, nakakhala pampando wa amuna anga pakhonde, n'kuitanitsa madzi.

Amuna anga atafika kuchokera kudimba anagwada pansi, manja akuomba.

"Awa ndi bambo anga aang'ono," anandiuza. "Mng'ono wawo wa malemu bambo. Akupita ku Chikwawa kukafuna ntchito kuboma, ndiye angopumako pang'ono."

Mlendoyo ankachokera kunsi, kupitirira Marka, kwa Apwitikizi. Kumeneko anali sipayi, ndiye kuti munthu wokwapula anzake m'malo mwa mzungu. Ntchitoyo inatha atakwapula wophika wa mzungu wawo yemweyo, koma chikoti anathawa nacho.

Mapira tinamaliza kupuntha, iwo ali pomwepo. Thonje linaphulika m'munda, tinatola, iwo ali pomwepo. Kupumako kwake kunali kumeneko.

Amuna anga anali Msena, koma anakwatira kwathu kwa Amang'anja, ndiye anali mkamwini. Nyumba yathu inali pamalo a amayi anga, pakati pa nyumba ya akulu anga ndi ya mng'ono wanga. Mlendoyo zimenezi sankazimva. Ankati kwawo nyumba ya mwana ndi ya bambo ake, mbuzi zake ndi za bambo ake, ndipo mkazi wake amaphikira bambo ake osang'ung'udza.

Chikoticho sichinkapuma. Galu wathu ndiye anayamba kuchilawa, ndipo anasamuka tsiku lomwelo kukakhala kwa akulu anga. Tambala analira pafupi ndi khutu lawo akugona masana, anamupotola khosi, n'kundiponyera kuti ndiphike. Ana a pamudzi anasiya kudutsa pakhomo pathu. Ngakhale amuna anga, munthu wamkulu wandevu zake, anakwapulidwa kumsana chifukwa chobwera ndi mlamba waung'ono kuchokera ku Shire. Ndikuwathira madzi ofunda pamikwingwirimapo ndinawafunsa kuti zimenezi zitha liti.

"Ndi bambo," anatero. "Nanga ndiwatani?"

Ine pokhala mpongozi sindikanatha kulankhula nawo maso ndi maso. Ndiye ndinkalankhula ndi mtondo. Ndikamasinja, iwo ali chigonere pamphasa pansi pa mtengo wa msawu, ndinkakweza mawu.

"Mtondo iwe, kodi Chikwawa anaisuntha? Kale inali yoyenda ndi miyendo."

Iwo osadzuka n'komwe ankayankha: "Mtondo, umuuze mwini wako kuti Chikwawa sithawa. Umuuzenso kuti ndiwo za dzulo zinalibe mafuta."

Ndinayesa njira zanga. Ife mchere tinkaphika tokha, kudontheza dothi la kudambo. Ndinatenga woyamba uja, wowawa ngati ndulu, n'kukhuthulira m'nsomba zawo pamodzi ndi tsabola wodzaza dzanja. Anadya zonse thukuta lili kamukamu, ananyambita mbale, anamwa madzi a mumtsuko mpaka pansi, kenako anageya.

"Pyadidi!" anatero m'Chisena chawo. "Lero ndiye waphika."

Ndiye ndinapita kutchire kukathyola chitedze ndi mapanda a nkhuni, n'kuchikung'unthira pamphasa yawo ija iwo atapita kukasamba. Koma tsikulo dzuwa linali litasuntha mthunzi. Atabwera anaitana mwana wawo kuti awasamutsire mphasa kuseri kwa nyumba. Amuna anga anaipinda bwinobwino, naikoleka paphewa lopanda malaya. Sanafike nayo n'kuseri komwe. Anaitaya, nayamba kuvina gule amene sindinamuonepo, akudzikanda khosi ndi m'khwapa, mpaka anathamangira kudambo kukadzigubuduza m'matope ngati nguluwe. Mlendo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kuyambira tsikulo anayamba kugona pamphasa yathu.

Zinatha tsiku lina masana kukutentha kwambiri, mvula ili pafupi. Ine ndi mng'ono wanga tinkasinja mtondo umodzi. Mwana wanga wamkazi, amene anali atangoyamba kuguluka mano, ankathamangitsa kambuzi, ndipo anapunthwa pa chipanda cha mowa chimene mlendo anaika pambali pa mphasa. Mowa unatayika. Ndinamva chikoti chikulira, tswa! Kenako tswa! Mwana sanalire nthawi yomweyo. Anangoima kukamwa kuli yasa, magazi akutsika m'miyendo yonse iwiri.

Za upongozi ndinaziiwala. Sindikumbuka kuti ndinayenda bwanji kuchoka pamtondo. Ndimangokumbuka munsi ukutsika pamkono wogwira chikoti, khu! Anatembenuka maso ali psu, nasinthira chikoti kudzanja lamanzere, n'kundidula nacho patsaya. Chipsera chake ndi ichi ndili nacho mpaka lero. Ndinawagwira jekete, iwo anandigwira tsitsi, tinagwera limodzi pa lichero la ufa. Mng'ono wanga anabwera ndi munsi wake, koma poopa kundiphwanya mutu ankangowagogoda m'mawondo ndi m'zala za kumapazi, akukuwa kuti, "Achemwali, bwerani! Atiphera munthu kuno!"

Akulu anga anali mayi wa thupi, manja ngati a mwamuna wopalasa bwato. Anatulukira akuthamanga, nsalu atamangira m'chiuno. Pakhonde panali mono wa amuna anga, uja wotchera nsomba, umene ankaukonza m'mawa. Anaunyamula, ndipo mlendo akuti adzuke, anamuvundikira nawo kumutu n'kukanikiza ndi thupi lonse. Amene anaonapo mono akudziwa kuti cholowamo sichituluka. Mutu unalowa mpaka m'mapewa, chipewa chofiira chili m'kati momwemo, bango zosongoka zitawazinga khosi.

"Nkhabe! Nkhabe!" ankakana mokuwa m'Chisena m'katimo. "Ndine sipayi ine! Ndikumangani nonse!"

Anadzuka n'kuyamba kuzungulira, chikoti chikukwapula mphepo. Anakwapula mtondo, anakwapula kambuzi kaja, kenako anathamanga molunjika n'kukagunda mzati wa nkhokwe, gwa! Anagwa chagada. Atalavula, mano awiri anatulukira m'mipata ya mono. Akulu anga anawakhalira pamimba, mng'ono wanga anawalanda chikoti n'kuwalawitsa m'ntchafu, ine ndikuwapuntha ndi chipanda chomwe chija mpaka chinasweka. Galu naye anabwera, nagwira chidendene.

Amuna anga anafika akuthamanga kuchokera kumunda, khasu lili m'manja.

"Mayi a mwana, lekani! Alamu, chonde, ndi bambo anga awa!"

Analowa pakati kuti aleretse. Ine ndinali nditatolanso munsi, ndipo unali utanyamuka kale. Unawapeza paphewa. Akuwerama ndi ululu, bambo awo anawaponda pachibwano ndi mwendo umene galu anausiya. Amuna anga anakhala pansi, thi, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Ndipamene anaona mwana ataima pakhomo, ntchentche zitayamba kale kutera m'miyendo.

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka, nauza akulu anga ndi dzanja kuti achoke. Anagwira bambo awo m'chiuno, kuwakweza paphewa labwinolo, mono uli chikhalire kumutu, n'kuyamba ulendo wa kudooko. Mudzi wonse unatsatira, ana ali patsogolo. Njira yonse mlendo ankatukwana m'Chisena ndi m'Chipwitikizi, miyendo ikupalasa m'mwamba, ndipo amuna anga ankangoyankha mwaulemu kuti, "Inde bambo. Ndamva bambo."

Kudooko kunali msodzi wina amene ankatsikira kunsi ndi mwadiya wake, bwato logoba lija. Amuna anga anawagoneka bambo awo pakati pa mitolo ya nsomba zouma, anagwada m'matope, naomba m'manja.

"Muyende bwino bambo. Mukapereke moni kumudzi."

Anakankha mwadiyawo ndi phazi. Mng'ono wanga anaponya chikoti pakati pa mtsinje.

Mabala a mwana anapola ndi masamba amene amayi anatafuna n'kumatapo, ngakhale kuti anakhala nthawi akuthawa akaona munthu wachipewa. Amuna anga anatha mwezi mkono uli m'nsalu, ndipo sanandiyankhule masiku angapo. Atayamba kulankhula, sanatchule za munsi kapena za bambo awo. Anadandaula za mono, kuti unali watsopano ndipo bango zake anazitenga kutali.

Mvula itatha kunabwera mayi wina wogulitsa nsomba wochokera kunsi. Tikucheza anatiuza za mkulu wina wa kwawo, wopanda mano akutsogolo, woyenda motsimphina, amene amauza anthu pamowa kuti analimbana ndi njati m'bango za kumtunda kuno ndi manja okha, njatiyo n'kuthawa. Tinayang'anana. Akulu anga anasiya kusenda nyemba, nafunsa mayiyo ngati mkuluyo ananena kuti njatiyo inali yamphongo kapena yaikazi.

"Akuti yamphongo," anatero mayiyo. "Yaikulu zedi, ya nyanga mpaka uku."

Akulu anga anakwiya kwambiri, ndipo nsomba za mayiyo sanagule.