Thireyi Ndinkanyamula Ndine

Tiyi wa atate anali wanga. Amayi atamwalira, ine ndikadali mtsikana wa sukulu, panalibe wina amene ankagwira kapu ya atate m'nyumba yathu ya ku Chamboli, ku Kitwe. Iwo ankagwira ntchito pansi pa mgodi. Akaweruka ankadziponya pampando wawo pakhonde, ndipo asanamasule ndi zingwe za nsapato zomwe, ankaitana dzina langa kamodzi kokha. Madzi ndinkakhala nditatereka kale.

Kaphikidwe kanga kanali ka amayi: masamba, shuga ndi mkaka wa m'chitini, zonse m'poto imodzi, ziwire mpaka tiyi afiire ngati dothi la pachulu. Supuni ikalowamo isaoneke. Atate ankamwa ndi buledi amene kampani inkagawira anthu a shifiti, ndipo theka lake ankandisungira ine. Akulu ampingo akabwera kudzacheza, atate ankandiloza n'kunena kuti, "Uyu ndiye mayi wanga tsopano." Ndinkanamizira manyazi, koma mumtima ndinkatukumuka.

Kenako migodi inayamba kudwala. Kampani inasiya kukonza mipope, magetsi a mumsewu akafa ankangofa, ndipo paliponse anthu ankangokamba zoti migodi ikugulitsidwa. Atate anali m'gulu la amene anauzidwa kuti akapume. Mkaka unayamba kumatha mwezi uli pakati, kenako unangosoweratu. Masamba a m'paketi tinawasiya, tinayamba kugula afumbi aja amene azimayi ankamanga m'timapepala kumsika. Ine ndinapitiriza kuwiritsa monga kale. Tiyi wotero akasowa mkaka amawawa, amakakamira palilime. Atate ankamwabe osadandaula, ndiye ine ndinkaona kuti zonse zili bwino.

Mlongo wanga wamkulu ankagwira ntchito pafakitale ina ku Ndola. Fakitaleyo itatsekedwa, anatulukira pakhomo pathu ndi matiresi, mbaula ndi mkazi wake. Mlamu wangayo anali Mbemba, wamfupi, wosachedwa kuseka. Poyamba ndinalibe naye chifukwa. Tinkanyozana bwinobwino monga timachitira ndi Abemba: iye ankati ife a kum'mawa tatha mbewa zonse za mu Zambia, ine ndinkamufunsa ngati kwawo kunatsalako anyani. Mwambo ankaudziwa. Atate akakhala pakhonde iye ankadzera kuseri, akakumana mwangozi ankagwada n'kuyang'ana kumbali. Mpongozi sapereka chinthu m'manja mwa apongozi ake aamuna, ndipo izi zinkandisangalatsa, chifukwa ndinkadziwa kuti kapu ya atate saiyandikira.

Amene anandigulitsa ndi malungo. Ndinagona masiku angapo osadziwa kuti kunja kwacha kapena kwada. Tiyi ankaphika mlamu, mlongo wanga n'kumakapereka. Tsiku limene ndinadzuka ndinapita kukhitchini kuti ndikatenge malo anga. Atate anandiitana pakhonde.

"Iwe wadwala, upumeko," anatero. "Tiyi aziphika apongozi. Iwe uzingobweretsa."

Uzingobweretsa! Mawu amenewa ndimawamvabe mpaka lero. Mwambo umene ndinkaudalira uja ndi umene unandisandutsa wamtengatenga. Mlamu sangafike pamaso pa atate, mlongo wanga ankakhalira kuzungulira m'tauni kufuna ntchito, ndiye thireyi inagwera ine. Madzulo aliwonse ndinkanyamula tiyi wa mkazi wina kupita naye kwa atate anga, fungo lake likundilowa m'mphuno njira yonse. Ndipo ankanunkhiradi, mwana wa eni ake, sindinganame. Anali woyera mbee poyerekeza ndi wanga, pansi pa kapu pankaoneka, shuga wake wa kunsonga kwa supuni. Ine ndinkati ndi madzi otsukira mbale. Atate ankayamba anunkhiza, n'kupsontha pang'ono, n'kutsinzina.

"Ukawauze apongozi kuti natotela."

Natotela ndi zikomo wa Chibemba. Munthu amene anakhala zaka zonse pamgodi akutiletsa Chibemba m'nyumba, akumati lilime la kwathu ku Katete lisathere pageti, lero akuthokoza m'Chibemba chifukwa cha kapu ya tiyi. Ine pa zaka zanga zonse ndinalandirapo zikomo wa chilankhulo chanji? Ndikafika kukhitchini, mlamu ali tcheru pakhomo, ndinkangoti, "Amwa."

Akulu ampingo nawo anayamba kuchulukitsa maulendo. Anthu amene kale ankabwera Lamlungu lokha anayamba kukumbukira atate ndi pakati pa sabata pomwe. Wina wa iwo, akupukuta ndevu, anati, "Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa." Onse anaseka. Ine ndinali nditagwada pomwepo ndi thireyi, kudikira makapu. Kalumoko kankacheka ine.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti mlamu sankabisa kanthu. Pafupi ndi mpope wodontha kuseri kwa nyumba anabzala udzu wonunkhira ngati mandimu uja. Makoko a malalanje, amene ife tinkataya, iye ankawayanika padenga. Ankagula kachidutswa ka jinja n'kukadula tizipande. Zonsezi ankasakaniza ndi masamba afumbi omwe aja n'kusunga m'chitini chakale cha mkaka, chitini changa. Akanakhala wobisa ndikanamunena kuti wathira mankhwala, mtima wanga ukanapezako pogona. Koma ayi, ankachita kundiitana.

"Ba mulamu, iseni mumone. Bwerani muone, ni vopepuka chabe."

"Alamu," ndinkamuyankha, "ine tiyi ndinayamba kuphika inu musanadziwe njira ya ku Kitwe."

Ankangoseka, ndipo kusekako kunkandiwonjezera moto.

Ndinapempherera mlongo wanga kuti apeze ntchito kuposa mmene ndinapemphererapo munthu wina aliyense. Mulungu anamva. Anapeza maganyu onyamula katundu ku Ndola, napeza kachipinda komweko ku Chipulukusu. Matiresi ndinawanyamulira ndine mpaka pokwerera minibasi, ndikuimba nyimbo ya m'buku. Anthu a mumzere wathu ankati ndine mlamu wabwino.

Walira mvula walira matope. Zosakaniza zimene mlamu anasiya m'chitini zitatha, ndinabwerera ku poto yanga ndi mphamvu zonse, kuwiritsa mpaka nthunzi kudzaza khitchini. Atate anamwa theka. Mawa lake theka. Kapu inkatsala pampando mpaka kuzizira, ntchentche zikuyenda pamlomo pake. Sanandinyoze, sanayerekeze tiyi wanga ndi wa munthu. Tsiku lina ndikuyatsa mbaula anangoti, "Usavutike, mwana wanga, lero ndingomwa madzi." Bola akanandimenya. Munthu amene mgodi unamulanda ntchito, anzake ambiri atabwerera kumudzi, chimene chinamutsalira pa tsiku chinali kapu ya madzulo ija, ndipo ine ndinkalephera kumupatsa.

Kufunsa sindikanafunsa. Kukwera minibasi kukagwada ku Chipulukusu, ine? Ndinaganiza zophunzira ndekha. Udzu uja unali ukadali pampope, wobiriwira ngati ukundiseka. Ulendo woyamba ndinathira wambiri, tiyi ananunkha sopo. Makoko ndinawayanika osapala choyera cha m'kati chija, anawawa ngati mankhwala a malungo. Ena ndinawatsekera m'chitini asanaume, anachita nkhungu. Jinja ndikachulutsa ankawotcha pakhosi, ndikachepetsa ankasowa. Zolephera zonsezi ndinkamwa ndekha kuseri kwa nyumba, chifukwa masamba sanali otaya, ndipo atate sindinkafuna kuti adziwe.

Ngakhale nditapeza muyezo, tiyi ankawawabe. Ndinayamba kukumbukira zimene ndinkaona ndi ngodya ya diso masiku amene ndinkanamizira kuti sindikuyang'ana. Ndinakumbukira kafungo konga ka mtedza wokazinga kamene kankatuluka m'khitchini madzi asanawire: mlamu ankayamba wawambako masamba pachivundikiro cha poto, pang'ono chabe, kuti fungo la fumbi lichoke. Ndinakumbukiranso kuti nthawi ya tiyi ndinkamuona akusesa panja, ine n'kumati ndi ulesi kusiya poto yokha. Sunali ulesi. Madzi akawira ankaphula, n'kuthira masamba poto ili pansi, n'kuikutira ndi chitenje, n'kuisiya. Masamba sankawawiritsa n'komwe. Kuti ndivomere zimenezi zinanditengera nthawi, chifukwa kunali ngati kunena kuti amayi anga ankalakwitsa.

Loweruka lina mlongo wanga anabwera kudzationa, nabwerera tsiku lomwelo. Mawa lake titachoka kutchalitchi ndinawamba masamba, ndinasakaniza, ndinaphula, ndinakutira ndi chitenje, n'kutenga tsache. Nditavundukula ndinadziwa kuti ndafika. Ndinasefera m'kapu ya atate, n'kupita nayo pakhonde.

Ananunkhiza. Anandiyang'ana. Anapsontha, n'kutsinzina. Kapu inatha yonse, anapempha ina. Ine ndinagwada pamenepo ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso.

"Ndiye mlongo wako dzulo anabwera ndi katundu, osandiuza?" anatero atate. "Apongozi sanandiiwale."

"Ndasakaniza ndine, atate."

Anaseka, kuseka kwabwino kumene anali asanaseke kwa miyezi.

"Iwe mwanawe, tiyi wako ndamumwa zaka zonsezi, ndingamusokoneze? Usamalande ulemu wa anzako. Wachoka kutchalitchi posachedwa pomwepa."

"Zoonadi, atate. Makoko ali padengapo, kaoneni."

"Eya, wawathandiza kuyanika, wachita bwino."

Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinamva akutsegula kabati ya magalasi ya pabalaza. Anatuluka atanyamula thipoti ya amayi, yoyera ya maluwa abuluu, imene amayi a chigwirizano anawapatsa atangofika kumene ku migodi. Sinkaphikiridwa tiyi ngakhale kubwere abusa. Ine ndi amene ndinkaipukuta fumbi Khirisimasi iliyonse, ndipo panalibe amene ankakayika kuti tsiku lina idzakhala ya yani.

"Mawa ukapereke ku Chipulukusu," anatero. "Munthu wodziwa tiyi chonchi asamavutike ndi poto. Ukaikulunge bwino, misewu yaipa."

Mawu anali pakamwa, ambiri ndithu. Koma ndinaona nkhope yawo. Anali osangalala kuti kwinakwake ku Ndola kuli munthu amene akuwaganizira, pa nthawi imene kampani ndi dziko lonse zinawaiwala. Ndinalandira thipotiyo ndi manja awiri, mano nditakukuta.

Ndinaikulunga m'chitenje n'kuikhazika pamiyendo mu minibasi. Msewu wa ku Ndola unali ndi maenje osasowa, ndipo pa dzenje lililonse ndinkamasulako manja pang'ono kuti mwina Mulungu achite chifuniro chake. Sinang'aluke ngakhale pang'ono.

Mlamu ndinamupeza akugulitsa tomato patebulo kutsogolo kwa kachipinda kawo, atawonda. Ndinamuuza kuti atate atumiza mphatso. Atamasula chitenje anakhala pansi m'fumbi momwemo n'kuyamba kulira. Ankati sanachite kanthu koyenera mphatso yotere, ndipo kwa nthawi yoyamba ine ndi iye tinagwirizana maganizo. Anapepesa kuti m'nyumba munalibe masamba ngakhale a kapu imodzi, n'kunditungira madzi akumwa. Kenako anapukuta misozi, thipoti ya amayi anga ataikumbatira pachifuwa.

"Nanga batata, apongozi anga, masiku ano akumwa chani? Nimaganiza maningi, ba mulamu. Vija ninasiya vinasila kudala, vinatha kalekale."

Ndinayang'ana thipotiyo, ndinayang'ana iye.

"Akumwa wanu," ndinatero.