Mfuti ya Kachete ndi Khutu Langa la Kumanzere

Chinayamba ngati nyenje. Inali nyengo yotentha ya 1956, mvula isanagwe, tikuchokera kutchire la ku Ngauma, pamene ndinamva kulira kosalekeza m'khutu la kumanzere. Ndinafunsa Amisi, mnzanga wonyamula naye katundu, ngati nayenso akumva nyenje zimenezo. Anandiyang'ana n'kunena kuti kunja kuli zii.

Nthawi imeneyo ndinali wonyamula mfuti wa patarau, Mpwitikizi wina wolima fodya amene ankakonda kusaka. Poombera nyama yaikulu ankatsamiritsa mfuti paphewa langa la kumanzere, ine nditagwada ngati chitsa. Mfuti yake yakale inkalira ngati mphezi, choncho ndinkatseka makutu ndi thonje, poti thonje kwathu linali mbwee. Koma chaka chimenecho anabwera ndi ina yokhala ndi chitoliro chachitsulo kukamwa kwake, chophimba mawu. Tinaitcha Kachete. Kumudzi sinkamveka n'komwe, ndipo patarau anati thonje n'losafunikanso. Ndinalitaya mokondwa, chifukwa anzanga ankandiseka kuti ndine wamantha. Iwo ali patali ankangomva kuti pha! Ine wa khutu logundana ndi chitsulo ndinkamva ngati wina wandimenya ndi thabwa.

Mlungu umene nyenje zinayamba tinali titapha njovu yaikazi imene inkagumula nkhokwe za anthu. Bambo anga atamva anagwira pakamwa. Anati ndi chirope, matenda amene amagwira munthu wopha nyama yaikulu osasamba mankhwala. Ndinakhulupirira, nanga ndikanatsutsa bwanji? Njovu ija inafa ikundiyang'ana, ndipo kulira kwa m'khutu kunayamba kufanana ndi kulira kwake. Ndikakhala ndekha kumunda ndinkacheukacheuka, kuganiza kuti yaima kumbuyo kwanga.

Sing'anga wa ku Mandimba ananditemera mphini, n'kundipatsa madzi a mizu oti ndizidonthezera m'makutu onse awiri, ngakhale la kumanja linalibe vuto. Mvula itayamba, makutu onse anayamba kutuluka mafinya onunkha. Thupi linkatentha, mutu unkawawa, ndikaimirira dziko linkazungulira. Akazi anga, Abiti Saidi, akalankhula ndinkangoona milomo ikugwedezeka. Ndinasanduka munthu wolusa, wokalipira ngakhale nkhuku. Patarau analemba ntchito munthu wina m'malo mwanga. Ine ndinali gwa, ndikudontheza mizu, ati chirope sichipita kuchipatala. Mantha anga enieni anali oti ndikhala gonthi mpaka imfa, koma sindinauze munthu.

Anandinyamula ndi Abiti Saidi. Anamanga katundu osandifunsa, ndipo chimanga chitayamba kucha tinakwera kaminyau, galimoto yaikulu yonyamula fodya, kupita ku Cuamba.

Kuchipatala odwala tinkakhala pakhonde kuyambira m'mawa, kudikira kuti fermeru, amene ndi namwino wamwamuna, aitane mayina. Tsiku loyamba dzina langa linaitanidwa akazi anga atapita kukatunga madzi. Sindinamve. Ndinakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, anzanga akulowa ndi kutuluka, ine ndikumwetulira ngati chitsiru. Mawa lake dotolo anandiunika m'makutu ndi kanyali, napukusa mutu. Anandigoneka. Tsiku lililonse ankanditsuka makutu, m'mawa ndi madzulo n'kundibaya penisilina pamatako, moti ndinkakhala cham'mbali.

Mafinya atayamba kuuma, ndinamva supuni ikugunda mbale yachitsulo pabedi la mnzanga. Ndinalira, munthu wamkulu ndithu, pamaso pa anthu. Linali khutu la kumanja. La kumanzere linangokhala ndi nyenje zake.

Tsiku lotuluka fermeru, Mmakhuwa wolankhula Chinyanja bwino, anaima mbali ya kumanja n'kundimasulira mawu a dotolo. "Bambo, kachikopa ka m'kati mwa khutuli kanabooka ndi mfuti, osati njovu. Chitoliro chija chimanyenga amene ali patali, khutu la pafupi limapwetekabe. Mukanabwera msanga, bowolo likanatsekeka. Mizu ija inalowa pomwepo n'kuoletsa zotsala."

Lero ndili bwino. Ndimalima, ndimadya, mafinya sanabwererenso. Pamsonkhano ndimakhala kumapeto kuti onse akhale kumanja kwanga. Nyenje zilipobe, ndipo nthawi zina ndimacheukabe kumunda, ngakhale ndikudziwa kuti kumbuyo kulibe kanthu.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'china. Chaka chotsatira bambo anadwala kwambiri. Tsiku lomaliza anandikodola, nandikoka pakhosi, n'kuyamba kunong'oneza. Anandikokera mbali ya kumanzere, ndipo ndinaopa kuchotsa dzanja lawo. Ndinamva mpweya wawo wofunda pakhutu, mawu osamva. Pamene ndinkatembenuza mutu anali atamaliza, ndipo sanalankhulenso. Azichemwali anga anandifunsa zimene bambo ananena. Ndinati sindinamve. Mpaka lero amaganiza kuti ndikubisa.

Ndiye inu ogwira mfuti, kaya ndi yaphokoso kaya ndi yachete, tsekani makutu, oseka aseke. Khutu likayamba kulira kapena kutuluka madzi, musathiremo kanthu, pitani kuchipatala mlungu womwewo. Ine ndinadikira miyezi, ndipo mawu omaliza a bambo anga analowa m'khutu lakufa.