Magazi Akuda a Yusufu

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kwathu ku Makanjira, masiku amene amayi sankayerekeza kupita kumsika opanda khadi la chipani. Mlongo wanga Yusufu, wa zaka zitatu, anadwala malungo. Thupi linkatentha ngati mchenga wa masana, koma iye akunjenjemera, mano gwegwegwe.

Azakhali anabwera ndi lumo n'kumutema mphini pachifuwa. Ataona magazi anagwira pakamwa.

"Mwaona kuda kwake? Malungo apsereza magazi a mwanayu."

Ndinkadziwa kuti chinthu chikapsa sichibwereranso, ndiye ndinangoti basi, Yusufu akupita.

Ababa atafika kuchokera kunyanja sanavule n'komwe malaya onyowa. Anatikweza m'boti la anzawo, ulendo wa kuchipatala cha mishoni. Njira yonse ndinkakapa madzi onunkha usipa, ndikuopa kucheuka. Amayi ankangonong'ona dua, kupempha Mulungu.

Kuchipatala, nesi wina wachikulire anabaya Yusufu pamkono. Magazi analowa m'jekeseni, akuda bii. Ndinakuwa mpaka odwala ena anadzuka.

"Apsa! Magazi apsa!"

"Ukulira chiyani, mwanangu?" nesiyo anandifunsa. Nditafotokoza ndikusisima, anapukusa mutu. "Malungo sadetsa magazi. A mumtsempha amaoneka choncho kwa aliyense. Choopsa ndi ichi."

Anakokera pansi chikope cha Yusufu. M'kati munali mbee ngati mpunga. Zikhatho nazonso zinali zitayera.

"Magazi akumuthera. Bambo, bwerani tikuyezeni."

Sindinamukhulupirire nesiyo. Ndinasuzumira pakhomo pamene ababa anagonekedwa pabedi, kapaipi kali pamkono. Magazi awo ankatsikira m'botolo akudanso chimodzimodzi! Ababa, munthu amene m'mawa womwewo anakoka khoka!

"Ababa, inunso mukufa?"

Anaseka, ngakhale maso ali ofiira. "Ndikufa ndi njala, Asiyatu. Pita ukakhale ndi amako."

Botolo lomwelo analipachika pamwamba pa Yusufu. Ndinakhala pasimenti yozizira ndikuyang'ana madontho akutsika. Patapita masiku angapo Yusufu anapempha phala, zikhatho zitayamba kufiira.

Lero ndimamvetsa kuti tonse, ngakhale azakhali amene ankamukonda kwambiri, tinkaopa chinthu cholakwika, pamene choopsa chenicheni chinkamudya mwakachetechete. Mdzukulu wanga akatentha thupi sindifunsa za lumo. Ndimamutsegula chikope, n'kumuyang'ana zikhatho, kenako ndimamubereka kumsana, ulendo kuchipatala dzuwa lisanakwere.