Tsiku Limene Ndinasiya Kunamizira Mutu

Linali Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, pamene ndinakhala pa benchi ya chipatala kachitatu ndi bodza lomwe lija lakuti mutu ukundipweteka. Chibadwire mwana wanga wachiwiri, chinthu chinkatsika kumusi kwanga ndikasenza ndowa kapena kusinja. Ndinkachibweza ndi chala n'kumanga kansalu. Amuna anga ndinkawakana pamphasa osawauza chifukwa, ndipo anali atayamba kunena zobwerera kwawo ku Chiringa.

Adokotala anali aamuna. Ankandipatsa mapiritsi a mutu, ine n'kuthokoza, n'kumapita.

Tsikulo anesi ena achikulire, ochokera kumpoto, anaona mmene ndinakhalira, chammbali, m'mphepete mwa benchi.

"Achemwali, odwala mutu sakhala choncho. Tabwerani."

Anandilowetsa m'kachipinda n'kutseka chitseko. Sanandifunse kanthu. Anavula juzi yawo, n'kukankha mkono wa juziyo pang'onopang'ono mpaka zam'kati zinatulukira kunja.

"Zikuchita chonchi?"

Ndinavomera ndi mutu, misozi ili chuchuchu.

"N'chiberekero chatsika. Si ufiti, si chindoko. Minofu yochigwira yatopa. Ku Blantyre amachikweza n'kuchisokerera."

"Adzandiona amuna?"

"Adzakuonani. Kwa azungu ndamva kuti ayamba kupanga opaleshoni ndi makina, ati loboti. Dokotala amakhala poteropo, n'kumayendetsa timanja tachitsulo tolowera pa timabowo tapamimba."

"Bola imeneyo," ndinatero chapansipansi. "Chitsulo sichiona."

Anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Iii, mayi inu! Ili ndi kamera, imaona kuposa ine ndi magalasi angawa. Komanso podzafika ku Phalombe kuno, inu muli ndi zidzukulu."

Nanenso ndinaseka, koyamba m'miyezi yambiri.

Anandipima okha, atandifunditsa chitenje changa, atayamba atikita manja awo kuti atenthe. Analemba kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, choncho anandiwerengera kawiri, chala chawo chikuyenda pansi pa mawu.

"Kusinja ayi, ndowa yodzaza ayi. Ndipo bambo akunyumba muwauze nokha. Akamva kwa ena adzamva zokhota."

M'mawa mwake ndinawalondola amuna anga kumunda wa chinangwa. Ndinaima kumbuyo kwawo, pakuti maso awo sindikanawapirira, n'kunena zonse m'Chilomwe. Khasu linaima. Kenako anafunsa osacheuka:

"Minibasi yoyamba ya ku Blantyre imanyamuka nthawi yanji pa Migowi?"