Tsiku Limene a Laisoni Anawasokera mu Suti

Aliyense amene anadutsapo pa Mtakataka pa minibasi anawaonapo a Laisoni, kungoti sanadziwe kuti ndi iwowo. Ngati munaona munthu wamtali, wa mpata m'mano, ataima m'mphepete mwa msewu m'mawa atavala jekete yachikopa, ndi omwewo. Ngati pobwerera madzulo munaona munthu yemweyo ali ndi vesiti yokha, ndi omwewonso. Nyumba yathu inayang'anizana ndi yawo, ndipo chilembereni mayeso a Fomu 4 ndilibe kopita, ndiye zambiri ndaziona ndi maso angawa. Ena amalemba mbiri za nduna ndi oimba. Ine ndalemba ya a Laisoni, chifukwa ndikaisiya palibe adzailembe.

A Laisoni ndi akazi awo, a Ida, amagulitsa kaunjika. Mabelo amakapikula ku Lilongwe, n'kumazungulira nawo m'misika, lero pa Mtakataka, tsiku lina pa Golomoti. A Ida amagwira za amayi ndi ana. Amayala pulasitiki pansi, kukhuthula mulu, n'kukhala pambali pake chete ngati nkhuku yofungatira mazira. Safuula, koma yesani kulowetsa kabudula wa mwana m'chitenje muone.

A Laisoni amagwira za abambo, ndipo njira yawo ndi ina. M'masitolo a m'tauni zovala amaveka zidole. Iwo amati chidole ndi chaulesi, sichiyenda, sichipereka moni. Chidole chawo ndi thupi lawo lomwe. Belo ikadulidwa, amasankha chovala choposa zonse, kuchisita ndi simbi yamakala, kuvala, n'kumayenda mumsika manja ali m'thumba ngati abwera kudzayendera ntchito za boma. Sipatenga nthawi wina asanawaimitse.

"Akulu, shatiyo ndi yogulitsa?"

"Pathupi langa chosagulitsa ndi khungu lokha. Nalonso bwerani tikambirane."

Amavula pomwepo, ikadali yofunda. Tsiku lina anabwera kuchokera ku Golomoti pa kabaza atamanga chitenje cha akazi awo, chifukwa mphunzitsi wina anaikonda thalauza. Pa maliro ena anachoka kumanda opanda nsapato, ndipo anamfedwa anawathokoza poganiza kuti ndi chisoni.

Zonsezi a Ida ankangoseka. Chimene sankaseka chinali chimodzi. Awiriwa anatengana kalekale pa chinkhoswe chokha, ukwati wawo osadalitsidwa kutchalitchi. Mwana wawo woyamba, Chipiliro, pano ali ndi mwana wake. A Ida anakulira kufupi ndi Mua, ndi Akatolika a m'magazi, m'kwaya amaimba mawu oyamba. Koma Lamulungu lililonse, anzawo akamadzuka kukalandira Ukaristia, iwo ankatsala pabenchi. Ankatsegula buku la nyimbo n'kumayang'ana tsamba limodzimodzilo mpaka anzawo atabwerera, ngakhale nyimbozo amazidziwa pamtima.

Sikuti a Laisoni ankakana. Ankangoti munthu amene amaveka chigwa chonse sangakaime paguwa wopanda suti yooneka. Vuto linali loti suti yooneka ikapezeka, inkaonekadi. Ina anayesa kuvala kuti aone ngati ikuwakwana, anangotuluka nayo panja pang'ono, inapita ndi mnyamata wokafunsira ntchito ku Salima. Ina inagulidwa ndi banja lofuna kuikira bambo awo, ndipo ili pansi pa nthaka mpaka lero. Tsiku la ukwati linkasunthidwa, n'kusunthidwanso.

Chaka chatha bambo mfumu analengeza kuti mabanja onse amene akhalitsa osadalitsa ukwati adzawadalitsa pamodzi mu Okutobala. Madzulo ake ndinamva zonse, poti pakati pa khonde lathu ndi lawo pali kanjira chabe.

"Bambo a Chipiliro, ndakalembetsa."

"Feteleza?"

"Ukwati. Ukalephereka uno, ine ndikupita kwa achemwali ku Bwanje kukalima mpunga. Mutsale ndi milu yanuyo, muzikazinga mathalauza."

"Mukanatha kundifunsa kaye."

"Ndakhala ndikufunsa Chipiliro asanamere mano."

A Ida sanakweze mawu. M'mawa mwake anagula khasu latsopano n'kuliimika pakhomo, pamalo poti a Laisoni azilidumpha potuluka ndi polowa. Apa ndi pamene tonse tinadziwa kuti za ku Bwanje si nthabwala.

Tsopano nkhani ya suti. M'mabelo mumabweranso zovala za kumayiko ozizira, zolemera, zoti kuno kuchigwa ngakhale wamisala sangazifunse mtengo. Zimenezi a Laisoni amaziunjika m'thumba, ikafika Juni n'kukwera nazo msewu wa Khwekhwerere kukagulitsa ku Dedza. M'thumba limenelo a Ida anapezamo suti yofiirira, ya ubweya wa nkhosa, yokhala ndi kajekete kam'kati kopanda manja. Kuinyamula zinali ngati kunyamula bulangeti lonyowa. Anaisankha dala. Anawerengera kuti mu Okutobala, pa Mtakataka, palibe munthu wamoyo angaisirire.

Komabe ankawadziwa amuna awo, kuti akhoza kumugulitsa msodzi madzi a m'nyanja. Ndiye m'mawa wa tsiku la ukwati, a Laisoni atavala zonse, a Ida anatulutsa singano yosokera matumba ndi twaini yokonzera makoka. Anasokera tayi ku shati, shati ku kajekete, kajekete ku thalauza, jekete yaikulu n'kuitseka kutsogolo kuyambira batani lapamwamba mpaka lapansi. Ankasoka m'kati, moti kunja sikunkaoneka kanthu.

"Imani bwino, ndingakubayeni."

"Amake Chipiliro, ine si thumba la mpunga."

"Thumba la mpunga limafika kumene alitumiza."

"Nanga ndikafuna kutaya madzi?"

"Kumeneko ndasiya."

Nzeruyi inaoneka kuti ndi yabwino tisanafike n'kutchalitchi komwe. Mboni ya a Laisoni anali a Clifford, mlamu wawo wolima mbatatesi ku Bembeke, kumapiri kumene anthu amaotha moto masana. A Clifford anangogwira mkono wa suti ija, kuipotokola pang'ono ndi zala, maso awo n'kusintha.

"Alamu, nsalu iyi kwathu anthu angamenyanirane. Mukuti bwanji?"

Manja a a Laisoni anathamangira okha ku mabatani, monga mwa chizolowezi, n'kukumana ndi twaini. Anakoka kamodzi, kawiri. A Ida, ali mu diresi yawo yoyera ya m'belo momwemo, anangoyang'ana kutsogolo akumwetulira ngati mngelo wa pakalendala.

Tchalitchi chathu ndi cha malata, mawindo ake ang'onoang'ono. Tsikulo munadzaza mpaka ana kukhala m'mawindo momwemo, kutsekereza kamphepo kamene kakanalowa. Mabanja odalitsidwa anali ambiri, ena agogo oyenda ndi ndodo, ndipo a Laisoni ndi a Ida anawaika kumapeto kwa mzere. Ulaliki unali wa kupirira m'banja, ndipo bambo mfumu anatipatsa mwayi wokwanira woyeserera.

Ndinali benchi yachiwiri kumbuyo kwawo. Poyamba thukuta linkatsika m'khosi. Kenako linayamba kudontha m'mikono ya jekete, dontho ndi dontho, pasimenti n'kupanga kadziwe. Fungo la nkhosa yonyowa linafika mpaka kwa a kwaya.

"Amake Chipiliro, ndikupsa," ananong'ona a Laisoni.

"Pirirani. Simunamve ulaliki?"

"Ndimasuleni batani limodzi lokha."

"A Clifford ali pambali panupo."

Bambo mfumu anayamba kufunsa mabanja, limodzi ndi limodzi. Agogo ena sankamva bwino, funso ankawabwerezera. Pamene anafika kumapeto kwa mzere, nkhope ya a Laisoni inali itatuwa ngati phulusa.

"Laisoni, kodi mukulola kumutenga Ida kuti akhale mkazi wanu?"

A Laisoni anatsegula pakamwa. Tonse tinadikira. Maso anatembenuka, mawondo anapinda, ndipo anagwa ngati belo yoponyedwa kuchokera pa lole.

Mayi wina wogwira ntchito kuchipatala anadumpha mabenchi n'kulamula kuti awavule jekete msanga. A Clifford anagwira kolala, Chipiliro anagwira mkono, anakoka. Twaini ya makoka imagwira kampango, singaduke chifukwa cha mlimi wa mbatatesi. Anakokanso, a Laisoni anangotukuka onse pamodzi ndi suti yawo n'kubwereranso pansi.

"Kodi ameneyu anabadwira momwemo?" anafunsa bambo mfumu. Kenako anatembenukira kwa a Ida mwachifundo. "Mayi, thamangirani nawo kuchipatala. Ukwati wanu tidzadalitsa tsiku lina."

Tsiku lina. Mawu amenewa a Ida anali atawamva moyo wawo wonse, ndipo kunyumba khasu linali chiimire pakhomo. Anapisa dzanja pachifuwa cha diresi n'kutulutsa lezala, chida chimene wogulitsa kaunjika sasiyana nacho ngakhale pa tsiku la ukwati wake. Anagwada pa kadziwe ka thukuta kaja n'kuyamba kudula zimene anasoka okha m'mawa. Ankadziwa pamene pali mfundo iliyonse. Anadula mofulumira, koma nsalu sanaing'ambe ngakhale pang'ono, poti katundu ndi katundu. Jekete inachoka, kajekete kanachoka, shati inachoka pamodzi ndi tayi wake. Akatekisti anathira a Laisoni madzi amene anali pafupi. Anali madzi odalitsa, ndipo palibe amene anafunsa.

A Laisoni anatsegula maso, kuyang'ana denga, kuyang'ana anthu.

"Jekete ili kuti? Musaiponde."

"Bambo mfumu," anatero a Ida, lezala ili m'manja, "funsaninso funso lija asanagonenso."

Anthu anawaimika a Laisoni. Anali ndi vesiti yokha, dzanja limodzi litagwira thalauza, chifukwa lamba sanavale, chimene chinkaigwira chinali twaini. Atadziona, anayamba kubwerera m'mbuyo.

"Bambo, ndili chonchi? Ine munthu wa zovala?"

"Mtakataka yense anakuonani kale chonchi," anatero a Ida. "Amene sanakuoneni ndi Mulungu yekha, poti kuno mumabwera mutatchena."

Bambo mfumu anatsokomola kwa kanthawi, nkhope ataibisa m'buku. Kenako anafunsanso, ndipo a Laisoni anayankha kuti akulola, mawu omveka mpaka kukhomo. Itafika nthawi ya mphete panafunika manja onse awiri, ndiye a Clifford anagwira thalauza kumbuyo. Umboni wa ukwati sunakhalepo wolemera chotero. Nthungululu zinalira mpaka malata kunjenjemera.

Koma chimene ndikufuna muchidziwe ndi ichi. Nthawi ya Ukaristia itakwana, buku la nyimbo la a Ida linatsala pabenchi, lotseka. Iwo anadzuka, diresi ili yonyowa m'mawondo, n'kulowa pamzere pamodzi ndi anzawo a kwaya. Atalandira anabwerera, kugwada, n'kukhala chogwada nthawi yaitali, anthu ena onse atakhala kale pansi. Anthu omwe aja amene ankafa ndi phwete, apa palibe anaseka. A Laisoni anaima pambali pawo atagwira thalauza, osadziwa choti achite, kenako anagwada nawonso.

Madyerero anali pabwalo la nyumba yawo, pansi pa mtengo wa mango. Achemwali a ku Bwanje anabweretsa mpunga, mbuzi inaphedwa, thobwa linali m'zidebe. Nditayang'ana abambo amene ankavina pa perekaniperekani, ndinaona kuti ambiri avala zinthu zimene tsiku lina zinali pathupi la mkwati. Mwini wake anali atavala shati yopepuka, ndipo suti ija anaipachika panthambi kuti iume. A Clifford ankangoizungulira ngati fisi pa khola. Nyimbo zitaima, anayandikira.

"Alamu, tsopano yamasuka. Tikambirane."

A Laisoni anaiyang'ana suti ija, kuwayang'ana akazi awo, n'kuimirira mwaulemu.

"Imeneyo si yogulitsa. Ndi ya ukwati wanga."

Chibadwire changa sindinawamvepo akunena mawu amenewo. Amayi ena anagwira pamtima. A Ida anaika pansi mbale ya mpunga n'kuwagwira amuna awo pamphumi.

"Mwayambanso kudwala? Suti yoti pamene munkakwatira inali pansi? Munthu wachokera ku Bembeke, mukufuna tidzaikwezenso Khwekhwerere mu Juni? Alamu, tengani. Twaini yotsalayo ndi basela."

Suti inakwera mapiri madzulo omwewo. Khasu lija analitenga achemwali pobwerera ku Bwanje.

Masiku ano a Laisoni akadali chimodzimodzi, amachoka atavala china n'kubwera atavala china, kapena osavala. A Ida sayang'ananso za shati. Amuna awo akafika pakhomo amangowagwira dzanja lamanzere, kuona chala, n'kuwapatsa madzi osamba. Sabata yatha a Laisoni, akudya pakhonde, anatchula mongocheza kuti munthu wina pa Golomoti waisirira mphete ndipo anafunsa ngati angakambirane. A Ida anadzuka. Analowa m'nyumba, kutuluka ndi singano ya matumba ndi twaini, n'kuziika pamphasa pafupi ndi mbale ya ndiwo.

"Ndinamukana," anatero a Laisoni.

"Ndikudziwa," anatero a Ida. "Idyani."