Nsalu Yoyera ya a Nyagondwe

Fungo la fodya wouma m'chigafa likandipeza, ndimaona a Nyagondwe atakhala pamkeka, akusankha masamba uku akukalipira nkhuku, adzukulu ndi boma pakamwa pamodzi. Anali mayi wamasiye woyandikana nafe ku Henga, kumene bambo anga, Myao wa ku Mangochi, anatumizidwa ngati mlangizi wa zaulimi.

Sindinganame kuti ankatikonda. Pakhomo pawo panali kapu yobenthuka yopachikidwa pamsomali, ndipo imeneyo ndiyo inali yathu, "ya Achawa". Ndikapempha madzi ankandithirira ali chapatali, ine n'kumwa mtima ukuwawa. Chisankho chitadutsa zinthu zinaipiratu: ku mjigo amayi anga akaika ndowa pamzere, ankaipeza itakankhidwira kumapeto.

M'masiku omwewo mng'ono wanga Asiyatu, wa miyezi isanu, anamwalira ndi malungo. Mvula inali itadula msewu, ndipo kunalibe galimoto yopita naye kwathu. Bambo anayenda khomo ndi khomo kupempha malo kumanda, koma yankho linali limodzi: alendo akaike kwawo. Anabwerera dzuwa lili paliwombo n'kukhala pakhonde.

Kenaka tinamva khasu likulira kuseri kwa chigafa, kumene kunali manda a banja la a Nyagondwe. Tinawapeza atamanga chitenje m'chiuno, akukumba pambali pa mwamuna wawo. Kumeneko mkazi sakumba manda. Amuna anathamangira komweko, wina n'kunena, "Amama, mukutichititsa manyazi chomene."

"Manyazi muli nawo?" anayankha osatukula mutu. "Ndimayesa munagulitsa pamodzi ndi fodya. Mwana wagona kuyambira m'mawa. Landani khasuli, kapena chokani ndione pokumba."

Analanda. Ndinaona amuna omwe anakana bambo anga akulowa m'dzenje mmodzimmodzi.

Amunawo atafunsa za matabwa a bokosi, bambo anafotokoza kuti ife timaika maliro m'nsalu yoyera basi, koma m'nyumba tinalibe. A Nyagondwe analowa kuchipinda n'kutuluka ndi nsalu yatsopano imene anasungira bulauzi ya amayi a kumpingo. Anaipereka kwa amayi anga ndi manja awiri. Amayi anangothokoza m'chiyankhulo cha kumeneko kuti, "Yewo." Chaka chonsecho a Nyagondwe ankapita kutchalitchi ndi bulauzi yakale yothethekera m'khosi.

Kapu ija sanaichotse pamsomali. Mpaka tinasamuka, ndinkamwerabe momwemo, ndipo mpaka lero ndimalephera kumvetsa kuti zonsezi zinkakwana bwanji mumtima umodzi. Ndimawakwiyira, komanso ndimawaopa ndi ulemu umene sindinapatsepo munthu wina.

Iwo atamwalira anawaika pomwepo, Asiyatu ali pakati pa iwo ndi mwamuna wawo. Mvula ikatha ndimakwera basi kupita ku Henga ndi khasu langa, ndipo ndimalambula manda onse atatu.